Nsawawa za Amayi Pansi pa Lona

Kwathu kuno kuchigwa tinazolowera kutentha, ndiye kukangozizira pang'ono timachita mantha. Ikafika Juni, bambo anga amavala majuzi awiri ndi chipewa cha ulusi, ndipo sakhudza madzi osamba mpaka dzuwa litakwera. Ana kusukulu timakhala manja kukhwapa, osafuna kugwira cholembera. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chimene ndinachita chaka chatha, ndili Fomu 1.

Amayi anga si a kuchigwa. Anabadwira kumapiri a Chididi, n'kutsikira kuno atakwatiwa ndi bambo. Pobwera anatenga kabotolo ka mankhwala a chifuwa, muli mbewu ya nsawawa yosakaniza ndi phulusa. Si nsawawa zobiriwira zija timaziona pamsika wa ku boma. Njere zake n'zamawangamawanga, ndipo maluwa ake ndi ofiirira. Inali mbewu ya amayi awo, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Kumapiriko kulibenso wina amene ali nayo. Amayi anafunsafunsa kale kwa abale awo onse.

Chaka chilichonse madzi akaphwa kudimba, chakumapeto kwa Epulo, amayi ankadzala mzere umodzi m'mbali mwa chimanga. Ankazisamalira okha m'mawa ine ndili kusukulu. Tinkadyako kawiri kapena katatu basi, zotsalazo zinkauma n'kubwerera m'botolo. Chaka chimene madzi anatithamangitsa pakhomo, amayi anasiya mbale, mphasa ndi nsapato zawo za kutchalitchi, koma botololo anamangirira pamfundo ya chitenje n'kufika nalo kukampu.

Chaka chatha mbewu inali yochepa, chifukwa m'chaka cha m'mbuyo mwake kunatentha msanga. Amayi anati mbewu ikagona zaka ziwiri imafooka, choncho tinadzala yonse. Anakwana mapando makumi anayi. Ine ndinkaponya njere, iwo akukwirira ndi phazi, poti kuwerama sankatha. Anali oyembekezera.

Pakati pa Meyi miyendo yawo inatupa, mutu osaleka kuwawa. Anamwino a pachipatala chaching'ono cha kwathu anati asachedwe, apite kuchidikiro ku boma akakhale komweko mpaka mwana atabadwa. Zonse zinachitika m'mawa umodzi. Wakabaza anali ataima kale panja pamene amayi anandikokera kuseri kwa chitseko n'kundiika botolo lopanda kanthu lija m'manja.

"Nsawawa zija ndakusiyira iwe," anatero. "Uzithirira m'mamawa. Zikatulutsa timanja, uziikire bango zikwerepo. Kwina kulibenso, wamva? Zikafa zimene zija ndiye kuti..."

Wakabaza analiza belu, bambo anaitana, ndipo amayi anatuluka asanamalize.

Kunyumba kunabwera azakhali, alongo awo a bambo, ochokera ku Marka, kudzatiphikira. Ndi munthu wamawu aakulu, woseka ndi thupi lonse, ndipo akamalankhula amangosakaniza Chisena ndi Chimang'anja. Amandikonda, koma ine pamaso pawo mawu amandithawa. Ndili choncho ndi anthu ambiri. Chimene ndalephera kunena masana ndimachilemba m'kope langa lachikuto chofiira, limene ndimasunga pansi pa zovala m'chikwama.

Masabata awiri oyamba zonse zinayenda bwino. Ndinkalawira kudimba ndi ndowa ndi chikho, kutunga pachitsime chimene bambo anakumba kumapeto kwa mzere, n'kuthirira phando lililonse. Timanja titatuluka, ndinadula bango m'mphepete mwa dambo n'kuzika. Timanjato tinkagwira bango ngati khanda likagwira chala cha munthu. Ndinalemba m'kope kuti: "Zonse makumi anayi zilipo. Ndawerenga kawiri."

Kenako kunazizira. M'mawa wina tinapeza anapiye atatu atauma gwa pansi pa nkhokwe. Azakhali anawanyamula ndi miyendo n'kundionetsa.

"Waona, mwanawe? Mphepo ya Juni ilibe chisoni, nkhabe! Chilichonse chaching'ono imanyamula. Mwanapiye, kamwana ka mbuzi, ngakhale khanda ukaligoneka poyera. Ndiye tinyemba ta amako tija tili pamtetete, kufupi ndi madzi. Kaya."

Anangonena n'kupita kukasesa. Ine mawuwo anandikhala pamtima tsiku lonse. M'kalasi sindinamve chilichonse. Ndinkangoona mapando makumi anayi atauma ngati anapiye aja.

Padenga la khitchini pathu panali chidutswa cha lona la buluu limene tinabwera nalo kuchokera kukampu. Madzulo amenewo ndinalitsitsa, n'kulipinda, n'kupita nalo kudimba. Ndinaliyala pamwamba pa bango ngati tenti, m'mbali n'kupsinja ndi zibuma za dothi kuti mphepo isapeze polowera. Koma lonalo linaperewera. Mapando asanu a kumapeto, pafupi ndi chitsime, anatsala poyera. Ndinayesa kukoka uku, kwina n'kuvundukuka. Pomaliza ndinangowasiya. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndinagwada n'kuwapepesa asanuwo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkafunditsa madzulo aliwonse, n'kukavundukula m'mawa ndisanapite kusukulu. Njira ya kudimba m'mawa wa Juni imakhala ndi nkhungu yoti sungaone chulu chimene chili patsogolo pako, ndipo masiku ena ndinkapeza mapazi a mvuu m'matope, madzi akadali kulowa m'menemo. Mvuu ndinkaziopa, koma osati ngati mmene ndinkaopera mphindi yokweza lona. Ndinkayamba ndatseka maso.

Mayi wina wa dimba loyandikana ndi lathu anandipeza tsiku lina ndikupsinja zibuma. Anatsamira pakhasu lake n'kuyang'ana.

"Iwe mwana wa anzanga, nyemba zakozi zathawa madzi, kuti uzimangire kampu? Uzilembetse maina, mwina zilandira ufa!"

Anaseka, ndipo enanso a m'madimba a kutsogolo anaseka. Ine ndinangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Ndikanafunsa pamenepo kuti amayi ankatani kukazizira, mwina mayiyo akanandiuza kuti sanawaonepo akufunditsa. Koma pakamwa panga panali polemera.

Patapita sabata ndi theka, m'kope mwanga muli mawu awa: "Lachitatu. Masamba a m'munsi achita chikasu. Ena ali ndi zoyera ngati wina wawazapo ufa. Ndiye kuti mphepo ikulowabe penapake. Mawa ndiwonjezera zibuma." Pansi pake ndinalembanso kuti: "Zisanu za kuchitsime zikuoneka zamphamvu kuposa zinzake. Mwina n'chifukwa zili pafupi ndi madzi." Ndikawerenga mzere umenewu lero, ndimafuna kumugwedeza mtsikana amene analembayo.

Pali tsamba limodzi limene ndinang'amba. Ndinali nditalembapo chinthu chimene chinkandizungulira m'mutu, chakuti nsawawa zikafa ndiye kuti amayinso sabwerako. Ndikudziwa kuti n'zopanda nzeru. Kutchalitchi satiphunzitsa choncho. Koma masiku amenewo bambo akabwera kogulitsa nsomba zouma ankangoti, "Amako ali bwino," n'kuyang'ana kumbali, ndipo ndinamva azakhali akunong'onezana ndi mnzawo za mayi wina wa kwawo amene anatupa miyendo chimodzimodzi. Atandiona anasiya. Tsambalo ndinaliponya pamoto kuti mawuwo asakhalepo.

Chakumapeto kwa Juni bambo anati Loweruka anditenga panjinga tikaone amayi. Ku boma n'kutali. Tinyamuka kusanache bwino, tikagona kwa msuweni wawo, n'kubwerako Lamlungu masana. Ndinasangalala, koma nthawi yomweyo ndinayamba kuganiza: nanga Loweruka madzulo adzafunditsa ndani? Azakhali sakanapita, poti bondo limawavuta. Kupempha mayi wa dimba uja sindikanatha. Choncho Lachisanu madzulo ndinathirira kwambiri, ndinafunditsa, n'kupsinja zibuma mbali zonse zinayi mpaka panalibe ndi kampata komwe. Ndinaganiza zozisiya choncho mpaka Lamlungu. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona kuti ndachita zanzeru.

Tinafika kuchidikiro dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Azimayi oyembekezera anali atakhala pamphasa panja, ena akuluka tsitsi, ena akusankha nyemba. Amayi sindinawazindikire msanga. Nkhope inali yotupa, maso atachepa. Koma atandiona anatambasula manja, ndipo ndinakhala pafupi nawo n'kutsamira paphewa. Bambo atawapatsa moni n'kutula kamtolo ka nsomba, anapita kukacheza ndi azibambo anzawo pansi pa mtengo wa mango.

Amayi anafunsa za kusukulu, za nkhuku, ngati azakhali sakuchulutsa mchere. Kenako anatsitsa mawu.

"Nanga zija?"

"Zilipo zonse, amayi. Zakwera pabango." Ndinazengereza, kenako ndinawonjezera chifukwa ndinkafuna kuti andiyamikire. "Mphepo sikuzipeza. Ndikumazifunditsa."

"Ukumazitani?"

"Ndikumazifunditsa lona lija la pakhitchini. Madzulo aliwonse."

"Lero wavundukula nthawi yanji, poti mwalawira?"

"Sindinavundukule. Ndazitsekera bwinobwino mpaka mawa, kuti usiku uno zisazizidwe."

Amayi anakweza maso n'kuyang'ana dzuwa, kenako anayang'ana juzi langa limene ndinali nditamanga m'chiuno.

"Juzi wavuliranji?"

"Kwatentha, amayi."

"Nanga izo zivula bwanji?"

Mayi wina amene anakhala pafupi, mimba yake yaikulu ngati mtsuko, anali akumvetsera. Anaomba m'manja. "Ee! Mwana wazivundika ngati nthochi kuti zipse msanga!" Anzake anaseka, koma ataona nkhope ya amayi analeka.

"Nsawawa ndi za kumapiri, mwana wanga," amayi anatero pang'onopang'ono. "Kwathu mame amachita kuluma zala, izo n'kumakondwa. Ndimadzala Epulo kuti zikumane ndi kuzizira kumeneku. Chimene zimaopa ndi dzuwa la kuno." Anandigwira dzanja. "Si iwe wolakwa. Sindinakuuze. Ndinkayesa aliyense amadziwa."

Anamwino anali atauza bambo kuti amayi asamadandaule ndi chilichonse, chifukwa magazi awo akuthamanga kwambiri. Ndinaona mtsempha ukugunda pakhosi pawo. Ndinaganiza za lona la buluu lili padzuwa, lotsekedwa mbali zonse ndi manja anga.

Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangopezeka ndili pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa azibambo asanu ndi mmodzi osawadziwa, ndagwada.

"Bambo, tibwerere."

"Tibwerere kuti?"

"Kunyumba. Panopa. Nsawawa ndazisiya m'lona."

Bambo anaseka, akuyang'ana anzawo. "Mwamumva? Miyendo yangayi akuiyesa ya injini. Tafika kumene, mwana iwe, ngakhale madzi sindinamwe. Nyemba sizithawa."

"Zikupsa, bambo." Mawu anga anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira, ndipo ndinayamba kulira pamaso pa anthu onsewo.

Amayi anali atadzuka n'kubwera pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana. Sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo ake, ndi mbewu ya amayi anga ija. Yonse."

Bambo anawayang'ana, n'kuyang'ana ine. Anapempha madzi kwa mnzawo, anamwa chikho chonse, n'kupita kukatenga njinga.

Ulendo wobwererawo sindidzauiwala. Dzuwa linali pamsana pathu, ndipo thukuta la bambo linkadutsa malaya n'kundinyowetsa tsaya. Pamchenga tinkatsika n'kukankha. Ine ndinkathamangira kutsogolo ngati kuti kutero kufupikitsa njira. Mtambo uliwonse waung'ono ndinkaupempha mumtima kuti upite ukaime pamwamba pa dimba lathu. Tikutsetsereka pakamlatho bambo anati, "Gwira bwino."

Sitinadutse kunyumba. Tinafika kudimba dzuwa litapendeka, lafiira. Lona linali mmene ndinalisiyira, zibuma zili m'malo mwake. Nditaligwira linali lofundabe. Ndinakankha zibuma ndi mapazi, bambo anagwira mbali ina, ndipo tinalikweza.

Munatuluka mpweya wotentha wonunkha ngati masamba owiritsa oti apange mfutso. Nsawawa zinali zitalendewera pabango, zofewa, zakuda. Timanja tina tinali titagwirabe bango ngakhale tsinde linali litagwa. Ndinakhudza tsamba limodzi, linandimatirira kuchala.

Bambo anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Kenako anayenda mpaka kumapeto kwa mzere n'kuima.

"Bwera kuno," anatero. "Izi ndi zako zomwe?"

Anali mapando asanu aja amene lona linkaperewera. Anali chilili, obiriwira, ndipo pa limodzi panali kamphukira ka duwa, kofiirira kunsonga.

Tinathirira mzere wonse, ngakhale zakufazo. Bambo ndi amene ankatunga. Ndinapitiriza kuzithirira masiku anayi, ndikuyembekeza kuti mwina zina zidzuka, koma zinangouma n'kusanduka zofiira. Tsiku lachisanu ndinazizula. M'kope ndinalemba mawu awiri okha: "Zatsala zisanu."

Chovuta kwambiri chinabwera sabata yotsatira. Kunagwa chiperoni, kamvula kowaza kosalekeza, ndi mphepo yochokera ku Mozambiki yolowa mpaka m'mafupa. Madzulo azakhali anandiona nditakhala pakhonde, lona lili lopinda pambali panga.

"Lero sukupita kukafunditsa ana ako? Kwazizira kuposa masiku onse. Ukawapeza atauma ngati anapiye."

"Amayi ati zimakonda kuzizira."

"Chamoyo chokonda kuzizira? Nkhabe, kulibe! Amako mimba yawasokoneza mutu."

Mutu wanga unkakhulupirira amayi, koma thupi langa linkakhulupirira azakhali. Kawiri konse ndinanyamula lonalo n'kufika nalo pampanda. Kachiwiriko ndinaima pamenepo mpaka malaya ananyowa, kenako ndinabwerera, ndinakwera pamtondo n'kuliyala padenga la khitchini pamene linali kale, n'kulipsinja ndi njerwa kuti ndisalitengenso.

M'mawa ndinathamanga njira yonse osasamala za mvuu. Zisanu zija zinali zitanyowa, timadontho tili mbuu pamasamba, ndipo maluwa atatu anali atatseguka.

Kuchokera pamenepo mantha anga anatembenuka. Anthu onse ankadandaula kuti kuzizira kwachedwa kutha, ine ndikupempha kuti kukhalitse. Amayi anatumiza mawu kudzera pafoni ya bambo kuti ndimange kachisakasa ka udzu kumbali yolowera dzuwa, kotseguka mbali zonse, kuti kazitchinga dzuwa la masana lokha. Ndinamanga. Makoko atayamba kufufuma, azakhali anatsimphina mpaka kudimba kudzaona chimene chinkandisowetsa mtendere.

"Tinthu take n'timeneti? Tathyolako dzanja limodzi tilawe, tione ngati n'zoyenera kuliritsa munthu pagulu."

"Ayi, azakhali."

Anandiyang'ana modabwa, ndipo inenso ndinadabwa. Kenako anaseka mpaka kugwira bondo lawo lodwalalo. "Ee, kamwana kali ndi pakamwa! Chabwino, mwini munda. Takhuta."

Amayi anabwera kumayambiriro kwa Ogasiti ndi kamng'ono wanga kamkazi. Anawachita opaleshoni, ndipo ankayenda mowerama, akugwira khoma. Kudimba sakanatha kufika. Nthawi imeneyo mphepo yotentha inali itayamba kale masana, ndipo makoko anali atauma n'kumachita phokoso ukawagwedeza. Ndinathyola onse, limodzilimodzi, n'kubwera nawo m'thumba la yunifolomu kuti ndisataye ngakhale limodzi.

Tinakhala pakhonde, amayi ali ndi lichero pamiyendo, mwana ali mtulo pambali. Ndinkayembekeza kuti anena za makumi atatu ndi asanu aja. Sananene. Ankangotsegula makoko ndi chala chachikulu, njere zamawangamawanga zikugwera m'lichero. Zoonongeka ankaziika padera, ndipo zinali zochepa. Atamaliza anandituma phulusa lozizira la kukhitchini ndi botolo lija.

Mbewu yonse inangofika zala ziwiri kuchokera pansi pa botolo. Amayi analikweza n'kuliyang'ana padzuwa, analigwedeza pang'ono, n'kutseka mwamphamvu.

"Chaka chamawa sitidyako," anatero. "Mwinanso chinacho. Kaike pamwamba pa khoma, kumene ndimaika."

Chaka chino tadzala mapando makumi awiri ndi awiri. Amayi amabwera kudimba ndi mwana kumsana, ndipo tsopano amandiuza chilichonse, ngakhale chimene akuganiza kuti ndikuchidziwa. Inenso ndimafunsa, ngakhale mawu amatulukabe movutikira. Pamene ndikulemba pano ndi Juni, kunja kuli nkhungu, ndipo bambo avala majuzi awo awiri. M'mawa uno podutsa pakhitchini maso anga anapita okha padenga, pamene pali lona. Ndinaika manja kukhwapa n'kupitirira ndi ndowa yanga.